Mpando wa kumanzere m'ndege: akazi ndi okondana ofanana ziwalo amatsakamira pati?

Kutsogolo kwa ndege yonyamula anthu kuli mipando iwiri. Wa kumanzere ndi wa kaputeni, wa kumanja ndi wa wachiwiri wake. Mukasonkhanitsa onse okhala pa mipando imeneyi pa dziko lonse lapansi, akazi amapezeka pakati pa 4 ndi 6 mwa anthu 100 alionse, malinga ndi amene wawerenga komanso chaka chake. Bungwe la ICAO, limene limaika malamulo a za ndege oti mayiko azitsatira, linapeza 4 pa 100 m'chaka cha 2021. Mukawerenga a pa mpando wa kumanzere okha, nambala imatsikiratu. Dziko la India ndilo lili patsogolo, kumeneko akazi apitirira 12 pa 100. Amuna okonda amuna anzawo ndi akazi okonda akazi anzawo sawerengedwa n'komwe, chifukwa fomu ya laisensi ndi fomu ya dokotala wa za ndege sizifunsa kuti munthu amakondana ndi ndani.

Kuno ku Mangochi mukafunsa chifukwa chake akazi ali ochepa chotere, yankho silichedwa. Akuti ndi ntchito ya amuna basi, monga momwe kunyanja amuna ndiwo amapita usiku kukaponya chilimira, akazi n'kumadikira pagombe ndi mabeseni kuti agule usipa. Ukonde umafunadi mapewa. Ndege siyafuna, ndipo zimenezi zinalembedwa m'manambala.

Malamulo opangira ndege zikuluzikulu, a ku America ndi a ku Ulaya omwe, amati zogwira ndi zoponda zonse zizifikika kwa munthu wamtali masentimita 158 mpaka pafupifupi 190. Mpando umasendera kutsogolo ndi kumbuyo, umakwera, umatsika, ndipo zopondera nazo zimasendezeka. M'ndege za Airbus muli timipira pa mzati wa pakati pa magalasi akutsogolo. Woyendetsa amasuntha mpando mpaka timipirato titalunjikana, ndiye kuti diso lake lili pamene opanga ndege anafuna kuti likhale, kaya ndi wamfupi kaya wamtali. Mphamvu yambiri imafunika injini imodzi ikazima ndege ikunyamuka. Ndege imakhotera kumbali ya injini yakufayo, ndipo woyendetsa amaponda mwamphamvu mbali ya injini yamoyo kuti chiwongolero cha kumchira chiibwezere panjira. Lamulo limati kupondako kusapose mapaundi 150, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 68, ndi mwendo, kwa kanthawi kochepa, kenako pali kachipangizo kochotsa kulemerako. Munthu wamkulu wathanzi amakwanitsa.

Pamene msinkhu umapwetekadi ndi m'kandege kophunzirira monga Cessna 172. Mtsikana wamfupi akapanda kuika khushoni kumsana, phazi lake silikankha chopondera mpaka kumapeto. Tsiku la mphepo yopingasa amatera mokhota, kachiwiri chimodzimodzi, ndipo mlangizi wosaonetsetsa amalemba kuti wophunzirayu alibe luso. Vuto la khushoni imodzi limasanduka chigamulo pa munthu. Asilikali a m'mlengalenga a ku America anakhala zaka zambiri ndi muyezo wa msinkhu umene unkasiya kunja pafupifupi 44 pa 100 ya akazi a zaka 20 mpaka 29 a m'dzikomo, ndipo anauchotsa mu 2020.

Ku chipatala nako, pali muyezo umodzi umene umagwetsa amuna ambiri kuposa akazi: kusiyanitsa mitundu. Woyendetsa ayenera kulekanitsa nyali yofiira ndi yobiriwira. Pakati pa azungu, amuna pafupifupi 8 pa 100 amabadwa ndi vuto limeneli, pomwe kwa akazi ndi mmodzi pa 200. Kwa anthu akuda nambala ndi yotsikirapo, koma amuna ndiwo amachulukabe.

Ndiye akaziwo amatayikira kuti?

Choyamba amatayikira ku sekondale, asanaonepo mkati mwa ndege. Sukulu za ndege ndi makampani amayang'ana masamu, physics ndi Chingerezi pa MSCE. Mtsikana wa ku St Michael's ku Malindi kapena ku St Monica ali ndi mwayi wopeza labu ndi mphunzitsi. Mnzake wa pa CDSS ya ku Makanjira kapena Katuli nthawi zambiri amasiya physics polowa Fomu 3, mwina pomvera anzake kuti ndi phunziro la anyamata, mwina chifukwa palibe wophunzitsa. Onjezanipo ukwati. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti akazi 42 pa 100 a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanakwanitse zaka 18, ndipo boma lathu lino la Mangochi limatchulidwa kawirikawiri pa nkhani imeneyi, ngakhale kuti malamulo oyendetsera dziko anasinthidwa mu 2017 kuti ukwati uziyambira pa zaka 18.

Chomvetsa chisoni n'chakuti masamu ake si oopsa. Ndege ikamatsika mwa nthawi zonse imataya mafiti pafupifupi 300 pa mailo imodzi ya panyanja, choncho ili pa mafiti 30,000 iyenera kuyamba kutsika patatsala mailosi pafupifupi 100. Mukaphonya njira ndi digiri imodzi, mukauluka mailosi 60 mumakhala mwapatuka ndi mailo imodzi. Kuwerengetsa mafuta, kulemera kwa katundu ndi pamene kulemerako kwakhala, zonsezi ndi kuchulukitsa ndi kugawa, kungoti zimafunika msanga, m'mutu, wailesi ikulankhula. Mayeso olemba amakhudza zanyengo, kupeza njira, malamulo a mlengalenga, mmene ndege imaulukira, injini, ndi mmene thupi la munthu limachitira m'mwamba. Ku South Africa ndi ku Ulaya munthu amakhoza akapeza 75 pa 100 pa phunziro lililonse. Chingerezi cha pa wailesi chili ndi mayeso akeake, ndipo wouluka kunja kwa dziko ayenera kufika pa Level 4 mwa malevulo 6.

Banja limene mwana wake akufunadi ntchitoyi lisayambe ndi kugulitsa munda kapena boti. Liyambe ndi kumuyezetsa kwa dokotala wovomerezeka ndi a za ndege, pa muyezo wa Class 1. Amayeza mtima ndi ECG, makutu, maso, magazi ndi mkodzo. Magalasi saletsa, bola diso lililonse lizifika 6/9 ndipo onse pamodzi 6/6 atavala magalasiwo. Kwa ana a m'mbali mwa nyanja pali zinthu ziwiri zoti akonzeretu. Likodzo limaika magazi mumkodzo, nthawi zina osaoneka ndi maso, ndipo dokotala sangasaine mpaka adziwe gwero lake. Mankhwala ake, praziquantel, ndi osavuta kupeza, choncho kuyezetsa ndi kulandira chithandizo miyezi ingapo tsiku la Class 1 lisanafike kumapulumutsa ulendo wachiwiri. China ndi kuchepa kwa magazi, kofala mwa atsikana, komwe nako kumachizika.

Makwerero ake ndi ndalama zake

Laisensi yoyamba ndi PPL, yoyendetsera ndege osalipidwa. ICAO imati munthu akhale wa zaka 17 ndi maola 40 a m'mwamba, 10 mwa iwo ali yekha m'ndege, kuphatikizapo ulendo wa makilomita 270 wotera pa mabwalo awiri ena. Yachiwiri ndi CPL, imene imalola kulandira malipiro: zaka 18, maola 200, kapena 150 ngati sukulu yake ndi yovomerezeka kuphunzitsa zonse mondondoza, ndi ulendo wa makilomita 540. Pamwamba pake amaonjezera chilolezo choulukira m'mitambo modalira zipangizo zokha, ndi cha ndege za injini ziwiri. Yomaliza ndi ATPL, imene kaputeni wa ndege yaikulu ayenera kukhala nayo: zaka 21 ndi maola 1,500, mwa iwo 100 a usiku. Ndipo mtundu uliwonse wa ndege yaikulu, kaya Boeing 737 kaya Q400, uli ndi maphunziro akeake otchedwa type rating, a milungu ingapo mu simulator, makina a pansi otsanzira chipinda cha oyendetsa ndege.

Amalawi ambiri amakaphunzira kunja: ku South Africa, ku sukulu ya Ethiopian Airlines ku Addis Ababa, ku Soroti m'dziko la Uganda, kapena ku Kenya. Kuchoka pa ziro kufika pa CPL yokhala ndi zilolezo zonse kumadya madola masauzande makumi angapo, ndipo ku Ulaya kumayandikira kapena kudutsa 100,000. Type rating ndi bilu ina payokha. Zonsezi zimalipidwa mu ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, patangopita chaka ndi theka chigwere ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, aliyense amene anali pakati pa maphunziro otere anapezeka kuti ndalama zimene banja linasunga sizikufikanso kumapeto. Kuima pakati n'kodula kuposa mmene anthu amaganizira, chifukwa luso la manja limazirala. Wophunzira amene wakhala miyezi inayi osauluka amabwereza maola amene analipira kale, ndipo mayeso olemba ali ndi nthawi yake yotha ntchito.

Apa ndi pamene funso la mwana wamkazi limalowa m'nyumba. Banja kapena malume amene angathe kutulutsa ndalama zotere amazitulutsa kamodzi, pa mwana mmodzi. Mawu akuti "akakwatiwa zonsezi zipita kwa eni ake" amanenedwa ngakhale kuno kumene ambiri timatsata kuchikazi. Palibe lamulo la ndege limene lamukana mtsikanayo. Wakanidwa pa khonde, madzulo, iye kulibe. N'chifukwa chake njira zimene zimasinthadi nambala ndi zimene zimachotsa chikwama cha banja pa nkhaniyi: kampani kusankha achinyamata pa mayeso n'kuwaphunzitsa yokha, usilikali wa m'mlengalenga, ndi thandizo la mabungwe monga The Ninety-Nines, lomwe akazi oyendetsa ndege anayambitsa mu 1929, ndi Women in Aviation International. Ku India zinathandizanso kuti kuyambira 2017 lamulo limapereka milungu 26 ya tchuthi cha uchembere, ndipo makampani amatumiza galimoto kukatenga ndi kukatula ogwira ntchito usiku.

Wakhoza CPL, ali ndi maola 200 ndi pang'ono. Makampani ambiri akufuna oposa pamenepo. Maola apakatiwa amapezeka pophunzitsa ena kapena poyendetsa tindege ta alendo, tonga timene timatera pa kabwalo ka ku Makokola. Ku Maun m'dziko la Botswana achinyamata amakhala miyezi, ena m'matenti, akuzungulira maofesi ndi mapepala awo kudikira mpata woyendetsa Cessna 206 kupita ku Okavango. Ntchito zimenezi kawirikawiri sizilengezedwa m'nyuzipepala. Mkulu wa oyendetsa amatenga amene wamuona masiku ambiri, amene wacheza naye madzulo, amene mnzake wamuchitira umboni. Mtsikana wa zaka 22 amene kwawo sangamulole kukagona m'tenti m'dziko la eni, kapena amene sangakhale pa bala mpaka usiku osayambitsa mphekesera, amatsala pamenepa. Mnyamata amene akubisa za moyo wake, ndipo amathawa macheza oterewa poopa mafunso, amatsala pa malo omwewo.

Mimba ndi mndandanda

Ili ndiye dzenje lalikulu kwa amene alowa kale ntchito, ndipo n'lofunika kulimvetsa bwinobwino chifukwa ndi limene limafotokoza kuchepa kwa makaputeni achikazi.

ICAO imati woyembekezera asauluke pokhapokha madokotala atatsimikiza kuti mimba ili bwino ndipo akumuyang'anira, ndipo imalangiza kuti chilolezocho chikhale kuyambira kumapeto kwa mlungu wa 12 kufika kumapeto kwa mlungu wa 26. Milungu yoyambirira amaopa nseru, chizungulire ndi kupita padera. Yomalizira amaopa kubereka mwadzidzidzi, komanso mimba imatchinga chiwongolero kuti chisakokeke mpaka kumapeto. Palinso cheza chochokera kuthambo, chimene chimachuluka ndege ikakwera kwambiri. Ku Ulaya amati mwana wosabadwa asalandire choposa 1 mSv, womwe ndi muyezo wa cheza. Makampani ena safuna n'komwe kuwerengetsa zonsezi, amangomutsitsa mayiyo tsiku limene wanena. Akachira, sabwerera m'ndege mpaka dokotala wa za ndege amuyezenso.

Tsono werengani. Kuchoka pa mlungu wa 26 kufika pobereka ndi milungu pafupifupi 14. Lamulo la ntchito la Malawi la 2000 limapereka tchuthi cha uchembere cha milungu 8 cholipidwa, kamodzi pa zaka zitatu. Milungu 14 ija siili m'menemo. Gawo la malipiro a woyendetsa limachokera ku maola amene wauluka ndi ndalama zogonera kunja, ndiye akangotsika, thumba limaphwa. Pobwerera, lamulo likufuna kuti akhale atanyamuka ndi kutera katatu m'masiku 90 apitawa, komanso mayeso a luso amene amachitika kawiri pa chaka akhala atadutsa. Zonsezi amakazikonzera mu simulator, imene kwa ife ili kunja kwa dziko, ndipo malo ake amasungitsiratu. Mayi woyamwitsa akhoza kudikira milungu yambiri, ali wokonzeka, chifukwa palibe amene anamusungira tsiku.

M'makampani ambiri zonse zimayendera mndandanda wa seniority, kutanthauza tsiku limene munthu analowa ntchito: kukwera kukhala kaputeni, kusankha masiku opuma, kusamukira ku ndege yaikulu. Ukasiya ntchito n'kukalowa kwina umakayambira pansi, ngakhale uli ndi maola 5,000. Zaka zimene wachiwiri amadzaza maola a ukaputeni ndi zomwezo zimene mkazi amabereka. Ana awiri akhoza kumuchotsera zaka ziwiri za maola, ndipo anzake amene analowa nawo limodzi amakhala atasamukira kumanzere. Ubwino wa mndandandawu ndi woti malipiro a pa mpando umodzi ndi ofanana kwa mwamuna ndi mkazi. Kusiyana kumabwera chifukwa cha amene wafika pa mpando wa ndalama zambiri.

Kukonza kwake si kodula. Woyembekezera apatsidwe ntchito ya pansi, monga mu ofesi yoona za chitetezo, yokonza maulendo kapena kuphunzitsa m'kalasi, pa malipiro ake okhazikika. Malo ake pa mndandanda asaime. Tsiku la simulator lisungidwe iye asanapite kutchuthi. Miyezi yoyamba apatsidwe maulendo opita ndi kubwera tsiku lomwelo. Kampani imene yataya woyendetsa wa maola 3,000 chifukwa chosowa dongosolo lotere imalipira zambiri kuphunzitsa wina.

Mbiri ikuonetsa kuti chitseko chakhala chikutsekedwa ndi anthu osati ndege. Raymonde de Laroche analandira laisensi ku France mu 1910. Bessie Coleman, mayi wachikuda wa ku America, anakanidwa ndi sukulu za kwawo n'kukaitenga ku France mu 1921. Lotfia Elnadi wa ku Egypt anaipeza mu 1933. Helen Richey analembedwa ntchito ndi Central Airlines mu 1934, koma bungwe la oyendetsa ndege linamukana umembala, anamuletsa kuuluka kunja kukaipa, ndipo anasiya pasanathe chaka. Zinatenga mpaka 1973 kuti makampani odziwika a ku America alembenso akazi, Emily Howell Warner ku Frontier ndi Bonnie Tiburzi ku American. Kuno ku Africa kuli Irene Koki Mutungi wa Kenya Airways, amene mu 2014 anakhala kaputeni wa Boeing 787, ndi Amsale Gualu amene anatsogolera ulendo wa akazi okhaokha wa Ethiopian Airlines wopita ku Bangkok mu Novembala 2015. Mu Malichi 2017 Malawian Airlines inachitanso chimodzimodzi pa ulendo wa ku Dar es Salaam, Kaputeni Yolanda Kaunda ali kumanzere, Lusekelo Mwenifumbo kumanja. Zithunzi za tsiku limenelo zinachita ntchito yake m'masukulu, ndipo zisapeputsidwe. Koma ulendo wokonzedwa mwapadera umasonyezanso kuti pa rosita ya masiku onse zoterezi sizingochitika zokha.

Amene amauluka atatseka pakamwa

Nkhani ya okondana ofanana ziwalo ndi yovuta kuikamba kuno, ku mzikiti ndi ku tchalitchi komwe. Mu Julayi 2023 atsogoleri a zipembedzo anatsogolera maulendo a pamsewu otsutsa maukwati otere. Gawo 153 la malamulo a milandu limapereka chilango chofika zaka 14, gawo 156 zaka 5, ndipo gawo 137A linaonjezedwa kuti likhudzenso akazi. Pa 28 Juni 2024 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linakana kuthetsa magawo amenewa, pa mlandu umene mmodzi mwa odandaula anaweruzidwa koyamba konkuno ku Mangochi mu 2021. Umo ndi mmene lamulo lilili. Funso la m'chipinda cha oyendetsa ndi lopapatiza kuposa pamenepo: kodi munthuyu angathe ntchito, ndipo kodi mmene tikumuchitira zikuonjezera kapena kuchepetsa chitetezo cha okwera?

Pa za thanzi palibe chomuletsa. Madokotala a za maganizo a ku America anachotsa nkhaniyi pa mndandanda wa matenda mu 1973, ndipo bungwe la WHO linatero pa 17 Meyi 1990. Anthu ena amaisakaniza ndi HIV, imene ndi nkhani ya aliyense m'dziko muno. ICAO imati amene ali ndi kachilomboka akhoza kupatsidwa chiphaso ngati wayezedwa mokwanira ndipo zaoneka kuti sizingasokoneze ntchito yake. Ku Britain anatsegula njira imeneyi kwa ofuna kuyamba kumene ntchitoyi mu 2018. Choopsa ndi kubisa mankhwala kwa dokotala wa za ndege, chifukwa bodza pa fomu imeneyo limalanditsa laisensi.

Zopinga zenizeni zili pa rosita ndi pa mapepala a kampani. Woyendetsa amagona kumene ndege yagona. Lero Johannesburg, kumene maukwati otere ndi ololedwa kuyambira 2006, mawa Dar es Salaam, Lusaka kapena Nairobi kumene ndi mlandu. Mozambique inachotsa mlanduwu mu 2015, khoti la ku Botswana mu 2019, pomwe Uganda inakhwimitsa mu 2023. Foni yofufuzidwa pa bwalo la ndege kapena wantchito wa pa hotela wolongolola akhoza kuthetsa ntchito imene inadya madola masauzande ambiri, chifukwa chiphaso cholowera malo otetezedwa a pa bwalo chimafuna munthu wopanda mlandu. Palinso fomu ya wachibale woti adziwitsidwe pakagwa ngozi, inshuwalansi, ndi matikiti otsika mtengo a mkazi kapena mwamuna wa wogwira ntchito. Munthu amalembapo dzina la mlongo wake, ndipo amene amakhala naye m'nyumba amadzamva za ngozi pa wailesi. Ku America oyendetsa otere anayambitsa bungwe lawo, National Gay Pilots Association, mu 1990, pa nthawi imene ambiri ankaopa kutchula ndi maina awo omwe, ndipo lero limapereka thandizo la maphunziro. Kuno bungwe lotere silingakhale poyera, ndiye aliyense amasenza yekha.

Ndipo pali macheza. Anthu awiri amatsekeredwa m'kachipinda kakang'ono maola awiri, anayi, asanu ndi atatu. Pansi pa mafiti 10,000 lamulo limaletsa nkhani zosakhudza ulendo, koma pamwamba pake timacheza monga Amalawi: "Kunyumba ali bwanji? Alamu akudzuka? Nanga mukudikira chiyani, achimwene, zaka zonsezi osatiitana ku ukwati?" Palibe choipa m'mafunso amenewa. Koma wobisa amayankha mosamala ulendo uliwonse, amakumbukira bodza limene anauza kaputeni uyu ndi limene anauza uja, ndipo amaphunzira kudzichepetsa kuti asaonekere. Mkazi amene wamva kale nthabwala zitatu za akazi pa chiwongolero ndege isanafike pa Tete amaphunziranso chimodzimodzi.

Kudzichepetsa kumeneko n'kumene ntchito ya ndege yakhala ikulimbana nako kuyambira pa 27 Malichi 1977, pamene ndege ziwiri za Boeing 747, ya KLM ndi ya Pan Am, zinawombana mu nkhungu pa msewu wa ndege ku Tenerife, anthu 583 n'kufa. Injiniya wa m'ndege ya KLM anafunsa ngati ndege inayo inali itachoka pamsewu. Kaputeni, yemwe anali mkulu wa alangizi, anayankha motsimikiza kuti inde, ndipo palibe anabwerezanso. Kuchokera pa ngozi imeneyi ndi zina zonga iyo kunabadwa maphunziro a CRM, ophunzitsa anthu a m'chipindamo kugwirira ntchito limodzi. Oyendetsa awiri amasinthana, wina akugwira chiwongolero wina akuyang'anira ndi kulankhula pa wailesi, ulendo wobwerera n'kusinthana. Potera, pofika mafiti 1,000 m'mitambo kapena 500 kukuoneka bwino, liwiro, katsikidwe ndi mawilo ziyenera kukhala m'malo mwake. Zikapanda kutero, aliyense mwa awiriwo, ngakhale wa maola 300 atakhala ndi wa maola 15,000, ayenera kunena kuti "go around", ndipo ndege imakweranso. Mawuwo ali ndi masekondi ochepa oti anenedwe. Wachiwiri amene wakhala maola atatu akuyesetsa kuti asaonekere, kapena amene akudziwa kuti kaputeniyu ali ndi chinsinsi chake m'manja, amachedwa nawo. Ife Amalawi tili kale ndi vuto lowonjezera, loti kumudula mawu wamkulu timakuona ngati mwano. Wokwera amene wakhala pa mzere wa 14, kaya amakhulupirira zotani za moyo wa woyendetsayo, chimene akufunika pa mafiti 500 ndi pakamwa pake potseguka.

Nkhanza zokhudza kugonana zimagwira ntchito mofananamo, ndipo m'kampani yaing'ono zimapweteka kwambiri chifukwa mlangizi, woyesa mayeso ndi wolemba rosita akhoza kukhala munthu mmodzi kapena mabwenzi apamtima. Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi linaika mchitidwewu kukhala mlandu, koma lamulo silithandiza ngati wolandira dandaulo ndi yemwe akayese mayeso ako mwezi wamawa. Chofunika ndi njira yodandaulira yosadutsa mwa mkulu wa oyendetsa, ufulu wopempha woyesa wina popanda kufotokoza zambiri, ndi gulu la oyendetsa anzawo ophunzitsidwa kumvetsera mwachinsinsi. Ku Ulaya magulu otere analamulidwa pambuyo pa ngozi ya Germanwings ya 2015, atazindikira kuti oyendetsa amabisa mavuto awo poopa kutaya chiphaso.

Amene akusankha sukulu ya ndege, kaya ndi wa mwana wamkazi kaya wamwamuna, afunse zinthu zooneka. Sukuluyo ili ndi ndege zingati zimene zikuulukadi sabata ino, ndipo ophunzira ndi angati? Ndege zitatu pa ophunzira 60 ndiye kuti chaka chimodzi chisanduka ziwiri, lendi ndi chakudya zikuwerengabe. Pali alangizi achikazi? Ogona amagona kuti, ndipo wophunzira angasinthe mlangizi popanda chilango? Ndalama zisaperekedwe zonse pakamodzi, chifukwa sukulu zotere zimagwa ndi ndalama za ophunzira. Ngati kampani ikulipirira type rating n'kumumanga munthu zaka zingapo, pepalalo linene poyera chimene chimachitika akatenga mimba kapena akadwala pakati pa zakazo: kodi nthawi imaima, kapena ngongole imakula? Ndipo laisensi ya kunja siigwira ntchito pa ndege yolembetsedwa ku Malawi mpaka bungwe la Malawi Civil Aviation Authority liivomereze kapena kuisintha, choncho buku la maola likhale losainidwa ndi kudindidwa ndi sukulu pa gawo lililonse wophunzira asanakwere basi yobwerera kumudzi.